Kodi n'koyenera kuika kamera yozindikira nkhope pakhomo la tchalitchi?

Funso: Ndine mlembi wa mpingo wina kuno ku Mchinji, chakufupi ndi Kamwendo. M'kaundula wathu muli akhristu pafupifupi 800, koma Lamulungu lililonse sitidziwa bwino amene abwera ndi amene sanabwere, chifukwa akulu a mpingo ena salemba mokhulupirika mabuku a m'milaga yawo. Mnyamata wathu wina amene anaphunzira za makompyuta watiuza kuti tikhoza kuika kamera pakhomo yomwe izizindikira nkhope ya aliyense wolowa n'kumalemba yokha mayina, kuphatikizapo a ana a Sande sukulu. Seshoni yagawikana, ena akuti tiyende ndi nthawi, ena akuti zimenezi n'zachilendo m'nyumba ya Mulungu. Kodi makinawa amagwiradi ntchito, ndipo kodi malamulo amalola?

Yankho: Bambo mlembi, mwafunsa zinthu ziwiri ndipo ndiyankha zonse, koma ndiyambe ndi kunena maganizo anga poyera kuti musavutike kuwafunafuna m'munsimu: ndikanakhala m'seshoni yanu, ndikanakana kuti makinawa aikidwe. Sindikukana chifukwa chakuti ndi achilendo, pakuti zokuzira mawu, kiyibodi ndi magetsi a sola nazonso zinali zachilendo tsiku lina ndipo lero palibe amene amazidandaula. Ndikukana chifukwa makinawa amalakwitsa kwambiri pa anthu omwe ndi nsanamira za mpingo wanu, komanso chifukwa, ngakhale atapanda kulakwitsa, adzapanga kaundula wa mtundu umene mpingo ngati wanu ulibe mphamvu zouteteza.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kotere. Choyamba mkhristu aliyense amajambulidwa chithunzi chooneka bwino, ndipo chithunzicho chimalumikizidwa ndi dzina lake m'kompyuta. Pulogalamu imaunika nkhopeyo n'kuisandutsa mndandanda wa manambala, kawirikawiri 128 kapena 512, umene umaimira munthuyo. Tsiku la mapemphero, kamera ikaona nkhope pakhomo, pulogalamu imapanganso mndandanda wina pompopompo, n'kuuyerekeza ndi mindandanda yonse 800 imene inasungidwa, kenaka n'kusankha umene wayandikana nawo kwambiri. Apa ndi pamene ogulitsa makinawa sakonda kukhalitsapo. Makinawo sadziwa kuti wolowayu ndi Naphiri kapena Nabanda; amangonena kuti nkhope iyi yafanana ndi ya uje pa mlingo wakutiwakuti, ndipo ndi munthu amene amaika malire a mlingo woti uzitengedwa kuti wakwana. Malirewo akakhwimitsidwa, anthu amene abweradi amalembedwa kuti sanabwere. Akafewetsedwa, munthu amalembedwa m'dzina la mnzake. Palibe malo oika malirewo pamene zolakwika ziwirizi zimatheratu pamodzi. Musaiwalenso kuti m'midzi yathu akazi a bere limodzi amakhala pamudzi umodzi pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo, kotero kuti mlaga umodzi ukhoza kukhala ndi anthu makumi angapo a magazi amodzi, ofanana mphuno, masaya ndi chipumi. Gulu lotere ndi limene limasokoneza pulogalamu yoyerekeza nkhope mosavuta.

Pa nkhani ya khungu pali kafukufuku wodalirika. M'chaka cha 2018, Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ku America pamodzi ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani atatu, Microsoft, IBM ndi Face++, pa ntchito yosavuta kuposa imene inu mukufuna, yongonena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Anagwiritsa ntchito zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal ndi South Africa, pamodzi ndi za ku Iceland, Finland ndi Sweden. Pa amuna oyera khungu kulakwitsa sikunapose 0.8 peresenti, pomwe pa akazi akuda khungu kunafika 34.7 peresenti. Kumapeto kwa 2019, bungwe la boma la America loona za miyezo, lotchedwa NIST, linayesa mapulogalamu 189 ochokera kwa opanga 99, ndipo linapeza kuti kusokoneza munthu ndi mnzake kunali kochuluka kwambiri pa nkhope za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa, nthawi zambiri kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi mitundu imene mapulogalamuwo amaizindikira bwino. Bungweli linapezanso kuti kusokonezaku kumakula pa akazi, pa okalamba ndi pa ana. Inuyo, bambo mlembi, mukaimirira kutsogolo kulengeza zidziwitso, mukudziwa bwino amene amadzaza mabenchi. Chilungamo chake, mapulogalamu apamwamba akhala akukonzedwa kuchokera zaka zimenezo, ndipo ena mwa iwo tsopano amalakwitsa mwa apo ndi apo. Koma ubwino umenewo umaoneka pa zithunzi zojambulidwa munthu ataima chilili, atayang'ana kutsogolo, kuwala kuli kokwanira, monga momwe a NRB anatijambulira pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017.

Pakhomo la tchalitchi zinthu sizikhala choncho. Kamera ikaikidwa m'kati moyang'ana khomo, kumbuyo kwa munthu wolowa kumakhala dzuwa lowala, ndipo kamera imadzichepetsera kuwala kuti igwirizane ndi dzuwalo, zotsatira zake nkhope yakuda imangooneka ngati chithunzithunzi. Anthu salowa mmodzimmodzi. Belu likalira amalowa chigulu, wamtali ataphimba wamfupi, ambiri atawerama mwaulemu. Amayi amavala duku lophimba chipumi ndi makutu, ndipo tsiku lovala yunifolomu ya Chigwirizano onse amamanga mofanana. Agogo amalowa atagwira ndodo maso ali pansi. Nkhope ya mwana imasintha chaka ndi chaka, choncho ana a Sande sukulu angafunike kujambulidwanso pafupipafupi. Pa Pasaka, pa Khirisimasi kapena pa tsiku la masika, ambiri amakhala panja pansi pa mitengo ndipo pakhomo sadutsa n'komwe. Onjezanipo kuthima kwa magetsi ndi kuvuta kwa netiweki. Tingoyerekeza kuti tsiku lina pabwera anthu 600 ndipo makinawo aphonya asanu okha pa 100 alionse, chomwe pa khomo lotere chingakhale chamwayi: ndiye kuti anthu 30 alembedwa kuti anajomba pamene anaimba nyimbo zonse ndi kuponya chopereka. Ndipo sadzakhala anthu osiyanasiyana sabata iliyonse. Adzakhala omwewomwewo amene nkhope zawo makinawo amavutika nazo.

Zimenezi zikanakhala zazing'ono zikanakhala kuti kujomba ku tchalitchi kulibe zotsatira. Koma tonse tikudziwa kuti kuno kwathu mbiri ya kapempheredwe ka munthu imatuluka pa nthawi zowawa. Imafunsidwa pamene akufuna kubatiza mwana, pamene akupempha kudalitsa ukwati, pamene akufuna kalata yosamukira ku mpingo wina, ndipo koposa zonse imafunsidwa pamene wamwalira n'kumakambirana ngati mpingo uimbe pamaliro pake kapena ayi. Lero mkulu wa mpingo akanena kuti mayi uje sankapemphera, anansi amatha kumutsutsa, chifukwa ndi mawu a munthu pa mawu a munthu mnzake. Pepala lotuluka m'kompyuta, lokhala ndi masiku ndi maola, anthu amaliopa, ndipo ochepa ndi amene angalimbe mtima kunena kuti lanama. Ngakhale apolisi a mumzinda wa Detroit ku America, mu Januwale 2020, anamanga Robert Williams pamaso pa mkazi wake ndi ana ake pa mlandu wakuba umene sanachite, atakhulupirira pulogalamu yoyerekeza nkhope mopanda kufufuza mokwanira. Ngati apolisi ophunzira ntchito anagwa m'mbuna yotere, seshoni yokumana mothamanga pa siwa ingapirire bwanji?

Tsopano tiyerekeze kuti makinawo salakwitsa ngakhale kamodzi. Mudzakhala ndi chiyani m'manja? Mudzakhala ndi kaundula wolumikiza nkhope ya munthu, dzina lake, chipembedzo chake, ndi malo amene amapezeka pa ola lodziwika sabata iliyonse, komanso masiku amene kunyumba kwake kumakhala kopanda munthu. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba ikadziwika ndi wakuba, mumaisintha tsiku lomwelo nkhani n'kutha. Nkhope mudzafa nayo yomweyo, ndipo mndandanda wake ukangotuluka palibe njira youbweza. Mufunse mnyamatayo kuti kaundulayo azikhala kuti. Mapulogalamu ambiri otere amatumiza zonse pa intaneti ku makompyuta a kampani imene ili kunja kwa dziko, ndipo mpingo sudziwa amene amaona zimenezo kapena chimene chidzachitike kampaniyo ikadzagulitsidwa kapena kutsekedwa. Akati zizikhala pa laputopu ya ku ofesi ya mpingo, funso likhala lakuti chitseko cha ofesiyo ndi cholimba motani, ndipo mawu achinsinsi olowera ali ndi yani. Sindikukayikira mtima wa mnyamata wanuyo, koma achinyamata ophunzira amapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, abusa amasamutsidwa, alembi amasinthidwa pa chisankho, ndipo mipingo nthawi zina imakangana mpaka kugawikana. Tsiku limene mpingo udzagawanike pa nkhani ya ndalama kapena ya abusa, mbali imene idzagwire kompyutayo idzadziwa amene ananyanyala mapemphero Lamulungu liti.

Anthu a ku Mchinji safunika kupita kutali kuti amvetse kuopsa kwa mndandanda wa opembedza. Boma la nthawi ya chipani chimodzi linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo mu 1972, chizunzo chitakula chifukwa chokana kugula makadi a chipani, zikwizikwi za anthu amenewa zinathawira ku Zambia, ambiri ku msasa wa Sinda Misale, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ndipo patangopita masiku ochepa boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira. Amene anali akuluakulu nthawi imeneyo alipo m'mpingo mwanu. Afunseni chimene chikanachitika pakanakhala kompyuta yosunga nkhope za onse amene anamva kalatayo kapena amene ankasonkhana mobisa. Sindikunena kuti masiku amenewo akubwerera. Ndikunena kuti kaundula amakhala nthawi yaitali kuposa anthu abwino amene anamuyambitsa, ndipo amene adzamugwire mawa simukumudziwa.

Pa za malamulo, ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza ufulu wa munthu wosunga chinsinsi chake, ndipo ndime 33 imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Kuyambira mu 2024 tilinso ndi lamulo la Data Protection Act, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limasiyanitsa mbiri wamba ya munthu ndi mbiri yofunika chitetezo chapadera, ndipo m'gulu lachiwirili muli zizindikiro za thupi monga nkhope ndi zidindo za zala, komanso chikhulupiriro cha munthu. Makina anuwo akhudza zonse ziwiri nthawi imodzi. Kusunga buku la mayina a akhristu ndi ntchito yachizolowezi ya mpingo ndipo palibe amene angakudzudzuleni nayo, koma kamera siisankha: kuti idziwe kuti uyu si mkhristu wathu, iyenera kuyamba yaunika nkhope yake, choncho imaunika mlendo, wodzapemphera koyamba, wodzaperekeza mkwatibwi, ndi mwana aliyense, amene chilolezo chake chimayenera kuchokera kwa kholo kapena womulera. Mzimu wa malamulo otere paliponse ndi wakuti usatole zambiri kuposa zimene ntchito yako ikufuna, ndi kuti munthu akhale ndi mwayi weniweni wokana.

Mawu akuti "weniweni" ali ndi nkhani imene ikufanana ndi yanu. Sukulu ina ya sekondale mumzinda wa Skellefteå ku Sweden inayesa makina ozindikira nkhope polemba kalembera wa ophunzira 22 kwa masabata atatu okha, ndipo inali italandira chilolezo. Mu 2019 bungwe loteteza mbiri za anthu m'dzikolo linalipiritsa oyendetsa sukuluyo makorona 200,000, ponena kuti chilolezo cha wophunzira kwa sukulu imene ili ndi mphamvu pa iye si chaufulu, ndiponso kuti kalembera akhoza kuchitika m'njira zina zosalowerera kwambiri pa moyo wa munthu. Lamulo la ku Sweden si lathu, koma ganizo lakelo likukwanira bwino pa mpingo. Abusa akalengeza pa guwa kuti seshoni yamanga mfundo yakuti aliyense ajambulidwe, ndi mayi uti wa ku mlaga amene angaimirire n'kunena kuti iye sakufuna? Adzasaina kapena kudinda chala, koma adzatero poopa kuonedwa ngati wobisa tchimo.

Palinso anthu amene simudzawaonanso kamera ikangopachikidwa, ndipo simudzadziwa kuti mwawataya, chifukwa sali m'kaundula wanu. Ndikunena mayi amene mwamuna wake amamuletsa kupemphera koma amazemba, bambo wa kudambwe amene wayamba kumvetsera ulaliki atakhala pa benchi ya kumbuyo asanakonzeke kuti anzake adziwe, munthu amene anadulidwa zaka zapitazo ndipo akuyesa kubwerera mwakachetechete, kapena wa chipembedzo china amene akungofuna kumva. Khomo la tchalitchi ndi limodzi mwa makomo ochepa amene munthu amalowa osafunsidwa chiphaso. Mwina wina m'seshoni anena kuti tiike kamerayo mosalengeza kuti anthu asachite mantha. Ganizo limeneli likanidwe msanga. Pulogalamu yodziwika ya ntchito imeneyi, Churchix, inatchuka mu 2015 pamene mwini wake, Moshe Greenshpan, anauza atolankhani kuti matchalitchi pafupifupi 30 ankaigwiritsa ntchito, ndipo chimene chinakwiyitsa anthu kwambiri chinali kuvomereza kwake kuti sankaganiza kuti matchalitchiwo amauza akhristu awo. Ngakhale Facebook, ndi ndalama zake zonse, inatseka pulogalamu yake yozindikira nkhope pa zithunzi mu Novembala 2021 n'kulengeza kuti ifufuta mindandanda ya nkhope za anthu oposa biliyoni imodzi.

Za mtengo ndingonena mwachidule. Kupatula kamera, kompyuta, mabatire ndi bandulo ya intaneti, mapulogalamu ambiri amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'madola, ndipo msungichuma wanu akukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chopereka cha alimi a mtedza, soya ndi fodya chimabwera pa nyengo, koma ngongole ya pulogalamu siidikira kukolola.

Ndibwerere ku gwero la vuto lanu, limene mwalitchula nokha: akulu a mpingo ena salemba mabuku a m'milaga. Ngati mkulu wa mpingo sakulemba buku, kawirikawiri ndiye kuti sakuyenderanso nkhosa zake, ndipo kamera sidzachiritsa matenda amenewo. Idzangomupatsa chifukwa china chokhalira kunyumba. Makinawo angakuuzeni kuti uje sanadutse pakhomo masabata anayi, koma sangakuuzeni kuti ali ku chipatala cha boma ku Mchinji kudikirira wodwala, kuti anapita ku Chipata kukaoda katundu, kuti ali kudimba kupirikitsa mbuzi, kuti alibe sopo wochapira chitenje, kapena kuti anakhumudwa ndi mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa amayi. Mpingo umafuna kudziwa zifukwa zimenezi, ndipo wozidziwa ndi mnansi. Dongosolo la milaga, monganso la miphakati kwa a Katolika, linakhazikitsidwa pa chifukwa chomwechi, kuti gulu likhale laling'ono mokwanira kuti wosowa aonekere popanda kumuwerenga.

Ndiye musiyanitse zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza. Ngati mukufuna chiwerengero cha opezeka pa mapemphero, kuti mudziwe ngati tchalitchi chikuchepa kapena kuti mulembe lipoti lopita ku likulu, atumiki awiri kapena atatu awerenge anthu benchi ndi benchi pa nthawi ya chopereka, amuna, akazi ndi ana, popanda mayina. Ngati mukufuna kudziwa amene akusowa, chepetsani mabanja amene mkulu mmodzi amayang'anira, mumupatse wothandizana naye wa ku Chigwirizano kapena wa achinyamata, ndipo seshoni izifunsa mwezi uliwonse mayina a odwala, oferedwa ndi amene sakuoneka, pamodzi ndi tsiku limene anayenderedwa. Mkulu amene kulemba kumamuvuta asachititsidwe manyazi. Anene pakamwa, wina alembe. Mnyamata wanuyo musamutaye, chifukwa luso lake likufunika: akhoza kulowetsa kaundula wa ubatizo, maukwati ndi osamuka m'kompyuta kuti chiswe kapena mvula zisadzawononge mbiri ya mpingo, akhoza kukonza ndondomeko ya chopereka, ndipo akhoza kutumiza zidziwitso za maliro ndi misonkhano pa foni kwa amene apereka okha nambala zawo. Za ana a Sande sukulu, mphunzitsi woitana mayina m'kalasi amachita ntchitoyo bwino kuposa kamera iliyonse, ndipo anawo amasangalala kumva dzina lawo.

Ngati nkhawa ina ndi ya akuba zokuzira mawu ndi mabatire a sola, kamera wamba yoyang'ana chitseko cha ofesi ndi mosungira katundu usiku ndi nkhani ina, bola ikhale yosazindikira nkhope, pakhale chikwangwani chodziwitsa anthu, ndipo zojambulidwa zizifufutidwa pakapita masiku ochepa.

Seshoni ikaumirira kuti ione kaye makinawo, wogulitsa ayankhe polemba kuti mindandanda ya nkhope izisungidwa m'dziko liti, ndani angaione, imafufutidwa motani munthu akasamuka kapena akamwalira, chimachitika n'chiyani ndi nkhope za alendo ndi za ana, ndipo adzayankha mlandu ndani mbirizo zikabedwa. Pakhale khomo lina lopanda kamera limene aliyense angalowere popanda kufunsidwa chifukwa, ndipo mulembe mu maminitsi kuti zotuluka m'makinawo sizidzagwiritsidwa ntchito pa mwambo wa mpingo, pa mgonero kapena pa maliro. Musanagule chilichonse, lemberani a MACRA kuti akuuzeni zimene lamulo likufuna kwa inu, dziwitsani akuluakulu a mpingo wanu ku likulu, ndipo nkhaniyi muipititse ku msonkhano wa akhristu onse, chifukwa nkhope zimene zikukambidwazi ndi zawo.